Mwini wake wa chilembo ndani? Kuchoka pa mtovu wa Gutenberg kufika pa Kindle

Buku la pepala likamafika m'manja mwanu, nkhani ya zilembo imakhala itatha kale. Wosindikiza anasankha maonekedwe ake, kukula kwake ndi mpata wa pakati pa mizere, ndipo inu owerenga mulibe chonena. Maso akamavutika mumagula magalasi kapena mumalisiya bukulo. Zakhala choncho kwa zaka zoposa 500. Mabuku a pa foni ndi a pa makina owerengera monga Kindle ndi Kobo asintha zimenezi, chifukwa lero munthu amatha kukulitsa zilembo kapena kuzisinthiratu ndi chala chimodzi. Koma alipo ofalitsa mabuku amene safuna kutaya ulamuliro wawo wakale, ndiye amalowetsa fonti yawo m'kati mwa fayilo ya buku kuti lizioneka momwe iwo akufunira. Fonti ndi gulu la zilembo, manambala ndi zizindikiro zojambulidwa mwa mtundu umodzi, monga Times New Roman imene aphunzitsi athu amatilamula kuti tizilembera ntchito za m'kalasi.

Maganizo anga ndi akuti pa mkanganowu wowerenga ndiye ayenera kupambana pafupifupi nthawi zonse, kupatula pamene chiyankhulo chenicheni cha bukulo chili pangozi. Kuti ndifike pamenepo ndiyamba ndi mbiri, popeza mkanganowu ndi wakale kwambiri kuposa sikirini iliyonse.

Pamene Johannes Gutenberg ankasindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, fonti chinali chinthu cholemera chonyamula m'manja. Chilembo chilichonse chinkaumbidwa pachokha ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina, kenako n'kusanjidwa chimodzichimodzi mpaka mzere utakwana. Gutenberg ankafuna kuti buku lake lifanane ndi lolembedwa pamanja, choncho anapanga zilembo ndi zizindikiro pafupifupi 290, zina zolumikizana ziwiriziwiri monga ankachitira alembi. Zilembozo zinali zakuda ndi zothithikana, mtundu umene anthu a ku Germany anazolowera. Ku Venice, mu 1470, Nicolas Jenson anasema zilembo zozungulira ndi zotakasuka, zimene ndi makolo a zilembo zambiri za m'mabuku a lero. Pa nthawi imeneyo panalibe vuto loti fonti ingasowe m'buku. Inki ikauma pa pepala, chilembo ndi buku zinkakhala chinthu chimodzi mpaka chiswe chitazilekanitsa.

Komabe nkhani ya umwini inayamba msanga. Mu 1501 Aldus Manutius, wosindikiza wa ku Venice, anatulutsa ndakatulo za Virgil m'kabuku kakang'ono kotheka kuyenda nako, kolembedwa ndi zilembo zopendekeka zimene anamusemera Francesco Griffo. Chaka chotsatira akuluakulu a Venice anamupatsa chilolezo choti kwa zaka khumi wina asatengere zilembo zakezo. Osindikiza a ku Lyon, ku France, kumene lamulo la Venice silinkafika, anazikopera basi, ndipo mu 1503 Aldus anachita kusindikiza chenjezo louza ogula momwe angazindikirire mabuku achinyengowo. Griffo naye anasemphana ndi Aldus n'kupita kukagwira ntchito kwa wosindikiza wina. Mafunso amene anavutitsa anthu amenewa, akuti mwini wa maonekedwe a chilembo ndani komanso ndani angachigwiritse ntchito, ndi omwewo amene akuvutitsa opanga mabuku a pa sikirini lero.

Kusankha zilembo kwakhalanso nkhani ya ndale. Ku Germany anthu anakangana kwa zaka zambiri ngati mabuku awo azisindikizidwa ndi zilembo zakuda za Fraktur kapena zozungulira za mtundu wa Jenson. Mu January 1941 boma la Hitler linathetsa mkanganowo ndi kalata imodzi ya Martin Bormann, yoletsa Fraktur ponamizira kuti ndi zilembo za Ayuda. Ndikutchula zimenezi pofuna kuonetsa kuti nthawi zonse amene ankasankha anali wina wa pamwamba: wosindikiza, mwini nyuzipepala kapena boma. Ngakhale Times New Roman yathu ija inapangidwa mu 1932 chifukwa nyuzipepala ya The Times ya ku London inkafuna zilembo zake, ndipo Stanley Morison ndi Victor Lardent anazikonza kuti zikwane m'mizere yopapatiza ya nyuzi. Wowerenga sanafunsidwepo.

Kompyuta ndi imene inalekanitsa mawu ndi maonekedwe ake. Pa 4 July 1971 Michael Hart, ali pa University of Illinois, analemba pa kompyuta chikalata cholengeza ufulu wa dziko la America, ndipo apa ndi pamene panayambira Project Gutenberg, nkhokwe ya mabuku aulere ya pa intaneti. Dzinalo ndi lolemekeza Gutenberg, koma ntchito yake inali yosiyana kwambiri ndi ya Gutenberg. M'fayilo ya Hart munalibe chilembo chojambulidwa ngakhale chimodzi. Munali manambala okha, pamene nambala 65 ikuimira A, 66 ikuimira B, motsatira ndondomeko ya ASCII yokhala ndi malo 128. Makina a wowerenga ndi amene ankasankha momwe A azionekera. Hart ankakonda zimenezi chifukwa fayilo yotere imatseguka pa makina alionse. Mtengo wake unali wakuti zilembo zopendekeka zinasowa, ndipo chiyankhulo chilichonse chokhala ndi zilembo zoposa 26 za Chingelezi chinatsala panja.

Makampani a kompyuta anayesa kubwezeretsa zimene zinatayika. Adobe inatulutsa PostScript mu 1984, njira yofotokozera mpangidwe wa chilembo ndi masamu kuti chizitha kukula kapena kuchepa osawonongeka. Apple inabwera ndi TrueType mu 1991, ndipo mu 1993 Adobe inatulutsa PDF. Tonse timaidziwa PDF, popeza manotsi a m'kalasi amatipeza pa WhatsApp ali PDF. Mphamvu yake ndi yakuti imanyamula fonti m'kati mwake, choncho tsamba limaoneka chimodzimodzi kulikonse. Kufooka kwake kuli pomwepo. Tsamba la A4 likalowa mu foni yaing'ono limakhalabe la A4, ndipo mumangokhalira kulikoka ndi zala uku ndi uku kuti muwerenge mzere umodzi. PDF ndi pepala lokhala m'galasi, ndipo wosindikiza akulamulabe monga mu 1455.

EPUB inatenga njira ina. Ndondomekoyi inachokera ku ina ya mu 1999 yotchedwa Open eBook, ndipo inakhazikitsidwa mu 2007 ndi bungwe la International Digital Publishing Forum, limene mu 2017 linalowa mu W3C, bungwe loyang'anira malamulo a masamba a pa intaneti. Fayilo ya EPUB ndi phukusi la zip chabe. Mukalimasula mupezamo mitu ya buku yolembedwa ngati masamba a pa intaneti, fayilo ya CSS yofotokoza maonekedwe, zithunzi, ndi mafonti ngati wofalitsa anawaikamo. Mawu alibe tsamba lokhazikika. Amadzaza sikirini imene apatsidwa monga madzi amatengera mpangidwe wa chidebe, ndipo mukakulitsa zilembo masamba amangochuluka. Kulowetsa fonti m'buku lotere ndi ntchito ya magawo atatu: kuika fayilo ya fonti m'phukusilo, kuilembetsa pa mndandanda wa zam'kati, ndi kuitchula mu CSS pogwiritsa ntchito lamulo la @font-face. Koma ngakhale mutachita zonsezi, mwangopempha chabe. Makina owerengera ali ndi ufulu wokana, ndipo wowerenga akasankha fonti ina pempho lanu limathera pomwepo.

Apa mzimu wa Aldus unadzukanso. Ngati EPUB ndi zip wamba, ndiye kuti aliyense wogula buku angathe kulimasula n'kutengamo fonti imene kampani ina imagulitsa ndalama zambiri. Opanga mafonti anadandaula, ndipo ambiri mpaka lero amagulitsa laisensi ya mabuku a pa sikirini payokha, yosiyana ndi imene imakulolani kugwiritsa ntchito fontiyo pa kompyuta yanu. M'mafayilo a TrueType ndi OpenType mulinso kachizindikiro konena ngati mwini wake amalola kuti fontiyo ilowetsedwe m'zikalata. Pofuna kutonthoza opanga mafonti, okonza EPUB anapanga njira yosokoneza fayilo ya fonti. Amatenga nambala yapadera ya bukulo, n'kupanga nayo kiyi, kenako n'kusokoneza nayo mabayiti 1,040 oyambirira a fontiyo. Makina owerengera amadziwa kubwezeretsa, koma munthu akangoikopera n'kuiika pa kompyuta siigwira ntchito. Njirayi inalembedwa poyera ndipo aliyense wodziwa mapulogalamu angaimasule. Ili ngati mpanda wa udzu: sungaletse wakuba wotsimikiza, koma ukadumphidwa palibe anganene kuti sanadziwe kuti ndi pakhomo pa eni.

Makina owerengera oyamba sankalabadira n'komwe zofuna za ofalitsa. Sony inatulutsa Librie ku Japan mu 2004, makina oyamba ogulitsidwa okhala ndi sikirini ya E Ink. Sikirini yotereyi ili ndi timakapusozi tating'onoting'ono tokhala ndi tinthu takuda ndi toyera timene magetsi amatikankhira pamwamba kapena pansi, choncho imaoneka ngati pepala ndipo imadya batire pokhapokha tsamba likamasintha. Amazon inatulutsa Kindle mu November 2007 pa mtengo wa madola 399. Sikirini yake inali ndi timadontho 167 pa inchi iliyonse ndi milingo inayi yokha ya kuda, ndipo buku lililonse, kaya ndi ndakatulo kaya ndi la malamulo, linkaoneka mu fonti imodzi yotchedwa Caecilia, yojambulidwa ndi Peter Matthias Noordzij wa ku Netherlands.

Akatswiri okonza mabuku ambiri sanasangalale nazo, koma chisankhocho chinali ndi chifukwa. Zilembo za Caecilia zili ndi mizere yonenepa pafupifupi mofanana paliponse, ndipo timichira ta kumapeto kwa zilembo ndi tochindikala. Pa sikirini ya timadontho tochepa, kamzere kowonda kwambiri kamaduka kapena kuzimiririka. Mafonti ngati Bodoni, amene kukongola kwake kuli pa kusiyana kwa mizere yonenepa ndi yowonda ngati tsitsi, amavutika pamenepo. Palinso china. Zilembo zakale za mtovu zinkasemedwa podziwa kuti zikakanikizidwa pa pepala inki idzafalikira pang'ono n'kuzinenepetsa. Zina mwa izo zitasamutsidwira pa kompyuta zinatsala zowonda, popeza pa sikirini palibe inki yofalikira. Ndiye wofalitsa amene amakonda Garamond chifukwa imakongola pa pepala angathe kupatsa owerenga ake tsamba lotuwa, lotopetsa maso. Matthew Carter anali ataona kale vutoli pamene ankajambula Georgia ndi Verdana, zimene Microsoft inatulutsa mu 1996. Iye anayambira pa timadontho ta sikirini n'kumanga chilembo mozungulira timeneto.

Zinthu zinasintha sikirini zitayamba kuwala bwino. Mu 2011 Amazon inalengeza mtundu watsopano wa fayilo, Kindle Format 8, wolola mafonti olowetsedwa, ndipo pa mndandanda wa mafonti panabwera malo osankhira fonti ya wofalitsa. Kindle Voyage ya mu 2014 inafika timadontho 300 pa inchi. Mu 2015 Amazon inatulutsa Bookerly, yojambulidwa ndi kampani ya Dalton Maag, ndipo chaka chomwecho Google inatulutsa Literata, yopangidwa ndi TypeTogether, kuti ikhale fonti ya Play Books. Mu 2018 Kindle inayamba kulola eni makina kuikamo mafonti awoawo. Taonani kumene ulamuliro unalowera. Fonti ya wofalitsa inaloledwa, koma inangokhala dzina limodzi pa mndandanda, pambali pa Bookerly, Palatino, Helvetica ndi OpenDyslexic, imene inapangidwa pofuna kuthandiza anthu amene zilembo zimawasokonekera powerenga.

Ine ndikuona kuti apa mbiri inayenda bwino. Anzanga okonda luso lokonza mabuku amati buku ndi chinthu chathunthu, ndipo kulola aliyense kusintha zilembo kuli ngati kulola mlendo kuthira mchere wake mu mphika wa eni. Ndimawamvetsa. Ndakatulo imene mizere yake inaikidwa mwadala pa malo ena a tsamba, kapena buku la ana lokhala ndi mawu pamwamba pa zithunzi, imafunikadi dzanja la wokonza, ndipo EPUB 3, yomwe inatuluka mu 2011, inadzapatsidwa njira yokhazikitsira masamba a mabuku otere. Koma buku la nthano kapena la mbiri ndi mawu otsatizana basi. Wofalitsa sadziwa ngati lidzawerengedwa pa foni yosweka galasi mu minibasi, pa kompyuta mu laibulale, kapena ndi agogo amene maso awo anafooka. Aldus ankadziwa pepala lake, inki yake ndi kukula kwa tsamba lake. Wofalitsa wa lero sadziwa chilichonse mwa izi, pamene wowerenga akuziona zonse. Choncho wofalitsa amene amalemba CSS yokakamiza fonti ndi kukula kwake, kuti mabatani a wowerenga asagwire ntchito, akulanda chinthu chachikulu chimene buku la pa sikirini linabweretsa.

Palinso ndalama. Fonti ya buku siyenda yokha. Pamafunika yowongoka, yopendekeka, yonenepa ndi yonenepa mopendekeka, mafayilo anayi, ndipo iliyonse imalemeretsa buku. Amazon imadula wolemba amene wasankha kulandira 70 peresenti masenti 15 a ku America pa megabayiti iliyonse, nthawi iliyonse buku likagulidwa pa sitolo yake ya ku America. Wowerenga naye amalipira ndi bandulo yake. N'chifukwa chake mapulogalamu monga calibre amatha kudula fonti n'kusiya zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito m'bukulo.

Tsopano ndifike pa malo amene ndimasinthira mbali. Tengani chilembo cha ŵ, w wa kachipewa, chimene chili mu dzina loti Malaŵi likalembedwa mokwanira, chimene Buku Loyera limagwiritsa ntchito, komanso chimene chili ponseponse mu Chitumbuka, monga mu mawu oti ŵanthu. ASCII inalibe chilembochi. Ndondomeko ya Latin-1, imene inawonjezera zilembo za Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi, inalibenso. Chinapeza malo mu Unicode, ndondomeko imene inayamba mu 1991 ndi cholinga chopatsa nambala chilembo chilichonse cha pa dziko, ndipo ŵ ndi U+0175. Mwayi wathu ndi wakuti anthu a ku Wales nawonso amachilemba, monga mu mawu awo oti dŵr, kutanthauza madzi, choncho opanga mafonti a ku Ulaya ali ndi chifukwa chochijambulira. Koma Unicode imangopereka nambala. Kujambula ndi ntchito ya fonti, ndipo si fonti iliyonse imene ili nacho. Chikasowa, makina amakabwereka ŵ ku fonti ina, ndiye mumaona chilembo chimodzi chachilendo pakati pa mawu, chonenepa kapena chachitali kuposa anzake. Akalephera kubwereka amaika kabokosi kopanda kanthu. Timabokosi timeneti timatchedwa tofu, potengera chakudya cha soya chodulidwa mabokosimabokosi, ndipo mafonti a Noto a Google anatenga dzina lawo ku cholinga chothetsa tofu.

Ife a Chichewa vuto lathu ndi laling'ono, chilembo chimodzi, ndipo ambiri tinazolowera kulemba w wamba monga ndachitira m'nkhani ino. Anzathu a Chiyoruba ali ndi ẹ, ọ ndi ṣ, ndipo pamwamba pa mavawelo amaikanso zizindikiro za kakwezedwe ka mawu, zimene fonti yosakonzedwa bwino imaziika pambali. A ku Ethiopia ali ndi zilembo zawozawo mazana angapo. Kuno kwathu Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kupanga zilembo zolembera ziyankhulo za m'Malawi n'kuzikhazikitsa mu 1997, ndipo kwa zaka zambiri sizinakhale ndi manambala mu Unicode. Buku la zilembo zotere likapita popanda fonti yake m'kati, wowerenga sangaone kalikonse. Pamenepa fonti yolowetsedwa ndi imene ikunyamula mawu enieniwo. Ndimadzifunsanso kuti mwa zilembo zimene ziyankhulo za mu Africa zasiya kulemba, ndi zingati zimene tinazisiya titakambirana, ndipo ndi zingati zimene zinangotsala panjira chifukwa taipi ndi kompyuta zinalibe batani lake.

Mwamwayi, amene akufuna kulowetsa fonti pa chifukwa chimenechi safunika kulipira kapena kuba. Mu 2005 bungwe la SIL International, limene limagwira ntchito ndi ziyankhulo za anthu ochepa, linatulutsa Open Font License, chilolezo cholola aliyense kugwiritsa ntchito fonti, kuisintha ndi kuiika m'buku logulitsa, bola asagulitse fontiyo payokha. Gentium ya Victor Gaultney ndi Charis SIL, yochokera ku Charter ya Matthew Carter, zinakonzedwa kuti zikhale ndi zilembo za ziyankhulo zambirimbiri zolembedwa ndi zilembo za Chilatini. Noto ndi Literata nazonso lero zili pansi pa chilolezo chomwechi. Aldus anapempha boma kuti limutetezere zilembo zake kwa zaka khumi, pamene anthu awa analemba chikalata choonetsetsa kuti zilembo zawo zisadzatsekeredwe.

Ndiye kwa anzanga amene mukukonza timabuku ta ndakatulo ndi nthano kuti tiziwerengedwa pa foni, pempho langa ndi ili. Ngati buku lanu lilibe chilembo chachilendo kwa makina, musalowetsemo fonti, ndipo musakhazikitse kukula kwa zilembo. Ngati muli ŵ kapena zilembo zina zotere, sankhani fonti ya chilolezo chaulere imene ili nazo, ilowetseni pamodzi ndi yopendekeka ndi yonenepa yake, koma musatseke mabatani a wowerenga. Mukatero litsegulani bukulo pa makina awiri kapena atatu osiyana, kuphatikizapo foni yotsika mtengo imene mungaipeze, mufufuze mawu oti Malaŵi, muone ngati kachipewa kakhala pamutu pa w wake.